Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Botolo langa litada

Mwandikakamiza, ndabweranso. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali, makamaka inu amene munati ndisadumphe chaka chachiwiri. Ndinkafunadi kuchidumpha.

Mukukumbukira kuti Apulofesa atandilandira m'labu mwawo anandipatsa ntchito imodzi yokha: kusandutsa kemikolo yotchedwa HMF kukhala ina yotchedwa FDCA pogwiritsa ntchito magetsi. Amene mwangoyamba kuwerenga, HMF imachokera ku zomera. Ukaphwanya cellulose, ulusi wolimba wa m'mapesi kapena mu utuchi, umapeza shuga, ndipo shugayo ukamutenthetsa ndi asidi amataya madzi n'kukhala HMF. FDCA ndiye chimene aliyense ankachifuna, chifukwa imapanga pulasitiki ya PEF, yomwe ingalowe m'malo mwa PET ya mabotolo yochokera ku mafuta a pansi panthaka. Mu 2004 unduna woona za mphamvu ku America unaika FDCA pa mndandanda wa makemikolo 12 ofunika kwambiri ochokera ku zomera. Ine ndinkayenda ngati ndanyamula dziko.

Zida zanga zinali zochepa. Kabotolo kagalasi, madzi a KOH (mankhwala amphamvu otsutsana ndi asidi), ndi kachidutswa ka nikelo kobowokabowoka ngati siponji. Ukayatsa magetsi nikeloyo imada pang'onopang'ono, ndipo pa waya wa mbali inayo timathovu ta mpweya wa haidirojeni timakwera mwakachetechete. Kukoma kwake kunali pamenepo: mbali imodzi ukupanga zopangira pulasitiki, mbali inayo ukupeza mafuta oyera, popanda ng'anjo yotentha. Ndinkatha kukhala ola lathunthu ndikungoyang'ana thovu.

Kwa miyezi ingapo ndinkayeza chinthu chimodzi basi, kuchepa kwa HMF. Mzere wake pa makina unkatsika mpaka kutheratu, ine n'kumalemba m'buku kuti zatheka. Madziwo ankasanduka achikasu, kenako ofiirira, kenako bii. Ndinkati ndi mmene zimakhalira. Sindinafunse munthu.

Tsiku la msonkhano wa gulu ndinavala bwino. Ndinaonetsa zithunzi, ndinanena kuti HMF yonse ikutha. Apulofesa ankagwedeza mutu. Kenako mdala uja wosamala zipangizo, amene ndinakuuzani kuti sankayankhula pamisonkhano, anakweza dzanja.

"Mwanawe, yatha tamva. Nanga yapita kuti?"

Ndinati yasanduka FDCA, Bambo. Iwo anafunsa ngati ndinaiona FDCA-yo ndi maso. Kenako anafunsa kuchuluka kwa magetsi amene anadutsa. Ndinawawerengera nambala. Analemba papepala, n'kunena modekha kuti HMF iliyonse imafunika kutaya ma elekitironi 6, tinthu timene timanyamula magetsi, kuti ikhale FDCA, ndipo magetsi angawo sakukwanira ngakhale pang'ono. "Faraday anatiuza zimenezi mu 1834," anatero, kunena wasayansi wakale wa zamagetsi, n'kupinda pepala lawo.

Panalibe anaseka. Bola akanaseka. Ndinkamva fani ya pulojekita ikulira, ndipo chithunzi changa chomaliza, cholembedwa zikuluzikulu, chinali chikadali pakhoma kumbuyo kwanga. Sindinadziwe ngati ndikhale pansi kapena ndichizimitse kaye. Pakamwa panauma gwa. Apulofesa anangoti, "Wotsatira," osandiyang'ana.

Usiku umenewo ndinatsala ndekha. Ndinathira HMF m'madzi a KOH, osalumikiza waya ngakhale mmodzi, n'kulisiya botolo patebulo. M'mawa ndinalipeza lada chimodzimodzi. Ndiye kuti miyezi yonseyo HMF yambiri inkangowonongeka yokha m'madzi amphamvuwo, n'kusanduka zinyalala zakuda zimene amazitcha humins. Ndinatsegula buku langa, tsamba ndi tsamba mawu oti "zatheka", ena nditawalemba mzere kunsi kawiri. Ndinalira, ndisaname. Ndinalirira pa sinki madzi ndikuwasiya akutuluka kuti wina asamve.

Apa ndiyankhulepo za mnzanga uja wa pa benchi loyandikana, popeza ndikudziwa kuti amawerenga. Patapita nthawi unandiuza wekha kuti unkadziwa tanthauzo la mtundu wakudawo kuyambira tsiku loyamba. Unkadutsa pa botolo langa m'mawa uliwonse. Cholakwa chinali changa, sindikukana, koma mawu awiri okha akanandipulumutsa. Ndinakukhululukira, kuiwala ndiye ayi.

Ndiyankhenso inu amene munalemba kuti zonsezi n'zabodza ngati magetsiwo akuchokera ku malasha. Simukulakwa, ndipo ine sindibisa. Njirayi imayera pokhapokha magetsi ake akhale a dzuwa, a mphepo kapena a madzi. Koma zoti magetsi sangapange makemikolo ochuluka m'fakitale, zimenezo ayi. Kampani ya Monsanto inayamba kupanga adiponitrile, chopangira nayiloni, ndi magetsi m'zaka za m'ma 1960, potsatira ntchito ya wasayansi wake, Manuel Baizer. Chatsopano kwa ife n'kuyambira pa zomera m'malo mwa mafuta.

Ena mudzafunsa chifukwa chimene sindinasiye. Kalata yosiyira ndinailemba. Mdala uja ndi amene anandipeza nayo, sanaiwerenge n'komwe, anangoti HMF ndiziithira pang'onopang'ono magetsi ali oyaka kale, isapeze mpata wokhala m'madzimo ikudikira. Anawonjezera kuti ndiziyeza chimene chabadwa, osati chimene chasowa chokha.

Zaka ziwiri zinapita momwemo.

Tsiku lina masana madzi anatuluka oyera, achikasu pang'ono chabe. Ndinayamba kudontheza asidi, dontho limodzilimodzi, dzanja likunjenjemera. Mwadzidzidzi m'botolo munachita mtambo, ndipo ufa woyera unayamba kukhazikika pansi. Ndinausefa, ndinauumitsa, sunadzaze ngakhale kasupuni. Sindinapite nawo kwa Apulofesa. Ndinatsika nawo kuchipinda cha zipangizo, kumene mdala anali kukonza pampu. Anapukuta manja, anakweza kabotoloko kuwindo, n'kufunsa kuti ma elekitironi ndawerenga angati.

Zimene zinachitika Apulofesa atamva kuti ndinayamba kuonetsa wina, ndidzakuuzani m'gawo 8.