A Madamu akuti khansa iyi ndi ya kumtundu kwawo

Ine ndimagwira ntchito mu shopu ya nsalu ya amwenye ku Limbe, ndiye sabata yatha a Madamu anafika maso ali psuu, akuti mng'ono wawo ku Gujarat, m'dziko la India, amupeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo mayi awo inawatenga ndi yomweyi. Anangoti "ife izi zili m'magazi, ine ndikungodikira tsiku langa basi." Ndinangoti pepani Madamu, koma mau amenewo anandikhala mmutu mpaka mu minibasi ya ku Ndirande ndinamaliza bando yonse ndikuwerenga, kufika kunyumba ndinawakhalitsanso pansi achemwali anga omwe ndi namwino.

Achemwali akuti khansa imeneyi siyiyenda m'magazi ngati mphuno kapena msinkhu, pafupifupi yonse imayamba ndi kachilombo ka HPV komwe timapatsirana pogonana, ndipo mitundu iwiri yokha, 16 ndi 18, ndi imene imabweretsa 70 peresenti ya khansayi. Azimayi ambiri kamawalowa koma thupi limakachotsa lokha pa chaka chimodzi kapena ziwiri. Funso ndi lakuti nanga bwanji kwa ena kamakanirira? Apa ndi pamene pamalowa majini (osati majini a kwa sing'anga aja chonde, awa ndi tinthu ta m'maselo tomwe timatengera kwa makolo).

Pali majini otchedwa HLA, ntchito yake ndi kuonetsa kachilombo kwa asilikali a m'thupi, ngati mlonda wokuwa kuti wakuba uyo. Mitundu ina ya HLA imakuwa mokweza, ina mawu ake ndi otsika ndiye HPV imangokhala phee zaka ndi zaka. Palinso p53, imene imaletsa selo yowonongeka kuti isachulukane, koma HPV ili ndi puloteni yake E6 yomwe imaphwanya p53 yomweyo. Mu 1998 ofufuza a ku Britain anati mtundu wina wa p53 umaphwanyika msanga, ndiye ku India anthu anathamangira kuyeza azimayi awo ndipo zotsatira zake zinasemphana, kwina ikuoneka kuti ikukhudza kwina ayi. Ine sindikudabwa, dziko lija ndi la anthu opitilira 1.4 biliyoni ndipo magulu ambiri amakwatirana okhaokha kuyambira kalekale, mayi wa ku Gujarat ndi wa ku Tamil Nadu sungawaike mu dengu limodzi. Ku Sweden komwe anatsata mabanja ambirimbiri anapeza kuti zakumtundu zimatenga pafupifupi 27 peresenti yokha ya chiopsezo.

Ndiye a Madamu sakunama kwenikweni, koma zodikira tsikuzo ndiye ayi. India imataya azimayi opitilira 70,000 pachaka ndi khansayi makamaka chifukwa ambiri sayezetsa, amafika kuchipatala itafalikira kale. Ku Mumbai a chipatala cha Tata Memorial anayeza azimayi ndi viniga basi, VIA yomweyi timapanga kuno, ndipo imfa zinatsika ndi 31 peresenti. Komanso India pano ikupanga katemera wakewake wa HPV, Cervavac, mumzinda wa Pune.

Chinandiwawa nchoti achemwali anatembenuza nkhani nkundifunsa kuti nanga iwe unayezetsa liti? Malawi tili m'gulu la mayiko apamwamba zedi pa khansa imeneyi, HIV ikuwonjezeranso poti mayi amene ali nayo chiopsezo chake chimakwera kasanu ndi kamodzi, ndipo katemera wa atsikana a zaka 9 anayamba mu 2019 koma ine mwana wanga ndinamukaniza chifukwa cha zonena za anthu. Ndinangoti zii.

Lolemba ndinawafotokozera a Madamu zonsezi uku tikupinda zitenje, anamvetsera osayankha, kenako anangoti Lachitatu titsegula mochedwa, ubwere 7 koloko tipitire limodzi pa galimoto.