Alamu anga agunda galimoto ya eni, ine tulo palibe

Tulo takana usiku uno. Ndikangoti nditseke maso ndikumva mawu a alamu anga akuti "iye uja ndiye anaima mwadzidzidzi, ine ndikanatani?"

Anandiimbira masana kuti agunda galimoto ya munthu kumbuyo pamaloboti. Palibe wavulala, tithokoze Mulungu, koma bampala yaphwanyika, boneti yapindika, rediyeta yabooka madzi onse anathera pamsewu. Ndinawapeza ali kale kugalaji mtima udakali m'mwamba.

Ine sindinawabisire. Ndinati alamu, wogunda kumbuyo ndi amene kawirikawiri amapezeka wolakwa, apolisi ngakhale a inshuwalansi amayambira pomwepo, chifukwa mpata wa pakati pa magalimoto awiri amasankha ndi wakumbuyo. Galimoto ikamathamanga makilomita 60 pa ola, pa sekondi imodzi yokha yadutsa kale mamita pafupifupi 17, mwina phazi lisanafike n'komwe pabuleki, n'chifukwa chake amati siyani masekondi awiri kapena atatu ndipo kukagwa mvula muonjezere. Anangondiyang'ana osayankha. Zinandiwawa zedi, ine ndinapita kukawathandiza osati kukawaweruza, ndipo mpaka pano ndikudzifunsa ngati inali nthawi yake yoyankhula zimenezija.

Amakaniko aja anali phee akumasula tayala la kutsogolo. Kenako anatiitana. Mapadi a mabuleki, amene amafinya disiki yozungulira ndi tayala kuti galimoto iime, atheratu kwangotsala chitsulo, disikiyo yakandika mizere yoti ukayendetsa chikhadabo chikukodwa. Anati "bwana, galimotoyi yakhala ikulira kalekale, simunkamva?" Ndiye anatilongosolera kuti mapadi ambiri amakhala ndi kachitsulo kamene anakaika dala kuti kazikhula disiki n'kumalira tswii padi ikatsala pang'ono kutha, kulira kumeneko ndi chenjezo. Anatsegulanso kabotolo ka brake fluid, mafuta a mabuleki, mafutawo bii ngati oyilo wakale. Akuti mafuta amenewa amayamwa chinyontho, ndiye mabuleki akatentha amawira msanga, ukaponda phazi limangolowa fwaa galimoto osagwira bwino, n'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka 2.

Alamu anangoti "ndimati mwezi ukatha." Mawu amenewa ndi amene andisowetsa mtendere kuposa bampala ija, chifukwa galimoto yomweyi imanyamula ana m'mawa uliwonse, ana a mchemwali wanga.

Koma nkhani siinathere pamenepo ayi. Tikutuluka anandigwira mkono, akuti galimoto ya kutsogolo ija magetsi a mabuleki sanayake, akulumbira ndithu. Ngati ndi zoona ndiye kuti winayo nayenso ali ndi gawo lake, mlandu utha kugawidwa. Ndipo zimachitika, babu kupsa, fyuzi kuduka, kapena kaswichi kamene kamakhala pamwamba pa chopondera buleki kufa, mwini wake osadziwa poti sadziona kumbuyo. Vuto ndi loti palibe anajambula chilichonse, magalimoto anawasuntha msanga poopa kutseka msewu, alamu sanatenge nambala ya mboni ngakhale imodzi, ndipo magetsi akumbuyowo aphwanyika pangoziyo. Amakaniko anati odziwa amatha kuyang'ana kawaya ka mkati mwa babu, kakagundidwa kali koyaka kamapindika chifukwa kamakhala kofewa ndi kutentha, koma galimotoyo ili m'manja mwa eni ake, ndani akatilole kukaigwira?

Ndikuwakhulupirira za magetsiwo, alamu si munthu wabodza. Koma disiki ija ndaiona ndi maso angawa.

Mawa akupita kukapereka sitetimenti kupolisi, andipempha kuti ndiwaperekeze. Uthenga wawo womaliza pa WhatsApp akuti "za mapadi zija tisazitchule, alamu." Ndauwerenga, aona kuti ndauwerenga, ndipo sindinayankhebe.