Foni ya m'kompyuta yayaka tsopano!

Abale anga a ku Angónia amene mukuphunzira kupanga ma app, lero mtima wanga wakhala pansi. Emulator (foni yoyerekezera ya m'kompyuta yoyeserapo ma app) ya pulogalamu yopangira ma app ya Android Studio yayaka pa laputopu yanga kuno ku Ulongwe, patatha masiku atatu ikukana.

Vuto linali mu BIOS, ma setting a kompyuta amene mumalowamo ikangoyamba kuyaka. Virtualization, setting imene emulator imadalira kuti iyende bwino (pa Intel amaitcha VT-x), inali yozima. Nditaiyatsa ndinalowa mu Device Manager ya mu Android Studio, n'kusankha foni ya Pixel, n'kutsitsa system image (Android yoika mu emulator) ya x86_64. Imeneyi imaposa 1 GB, ndiye pezani Wi-Fi, musathere bandulo.

China chimene chinandizunza mutu: app ya mu emulator ikamafuna seva ya pa kompyuta yanu, adiresi ya localhost sigwira. M'malo mwake lembani 10.0.2.2.

Amene muli ndi RAM ya 4 GB, musadzivutitse ndi emulator, yeserani app pa foni yeniyeni. Dinani Build number ka 7 mu Settings ya foni yanu, yatsani USB debugging (yolola kompyuta kuyesera app pa foni), lumikizani foniyo ku kompyuta ndi chingwe.

Ine app yanga ndi ya mitengo ya mbatata ya kachewere, ndipo alimi athu ambiri ali ndi mafoni aang'ono. Loweruka ndikaiyesera pa foni ya amalume ku Tsangano.