Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Pageti la chipatala

Gawo lapitali ndinalekeza pomwe bambo anayamba kutsokomola, titangodya Khirisimasi ya 2020. Tinkati ndi chimfine. Korona anali atapezeka m'dziko muno pa 2 April chaka chomwecho, koma ulendo woyambawo m'mudzi mwathu sanatenge munthu, moti masiki tinali titaiwala kumene tinaponya.

Tinawatengera kuchipatala January ali mkati, sabata yomwe nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Namwino anawapana chala ndi kamakina kaja koyezera mpweya m'magazi, n'kukhala chete. Mabedi anali atadzaza, masilinda a mpweya osakwanira. Ku Lilongwe zinafika poti ndi Bingu Stadium yomwe inasanduka chipatala.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti anatikaniza ugadiyani. Ife tinazolowera kuti wodwala amasambitsidwa ndi m'bale wake, amamwetsedwa phala ndi m'bale wake. Ine ndinkangosiya fulasiki pageti, dzina lawo nditalilemba pa pulasitala. Tsiku lachisanu fulasiki ija inabwerera yodzadza, phala litazizira. Maliro anaika ndi azaumoyo atavala zoyera thupi lonse, ife titaima patali. Anamwino aja sindiwada ayi, ndinkawaona okha akutuluka maso ali gwa ndi tulo.

Katemera atafika mu March 2021, mayi anakana. Ankati za ku WhatsApp zawaopsa. Ndinachita kuwagwadira: "Amayi, mukufuna ndikaimenso pageti paja?" Anabayitsa, kawiri konse.

December chaka chomwecho, nthawi ya mtundu wina wa Korona wotchedwa Omicron, nawonso anadwala. Chipatala chomwecho, geti lomwelo, mtima wanga uli m'mwamba. Koma m'katimo zinthu zinali zitasintha. Mpweya unalipo ndipo anawaika atangofika. Anamwino anali ataudziwa mliriwu, anawagoneka chafufumimba kuti mapapo azitseguka bwino. Odwala ofika akubanika analinso ochepa, poti ambiri anali atabayitsa kapena kudwalapo kale, komanso mtundu umenewu sunkalowerera kwambiri m'mapapo ngati wa January uja.

Usiku wachitatu foni inalira, manja anga n'kuyamba kunjenjemera. Anali mayi. "Mwanawe, phala lija shuga wachepa. Mawa ubwere ndi chitenje changa chobiriwira, akuti anditulutsa."