Mandasi achepa, Undertaker anapuma, ine ndikulembabe

Anthu akamva kuti munthu wandevu za imvi ngati ine ndimadzuka pakati pa usiku kuonera resilini, amandikokera pambali n'kundiuza motsitsa mawu, ngati uthenga wa maliro: "Achimwene, zijatu n'zabodza." Ndimawathokoza ndithu. Koma eni ake a WWE, kampani ya resilini ya ku America yomwe nthawi imeneyo inkatchedwa WWF, anaulula okha mu 1989 pamaso pa aphungu a ku New Jersey kuti wopambana amakhala atadziwika kale belu lisanalire. Anatero pothawa malamulo ndi ndalama zimene boma limalipiritsa masewera a nkhonya enieni. Ndiye kuti chinsinsicho chinaululika ine ndikadali ku pulayimale.

Ndinayambira m'mavidiyo shoo a ku Ndirande. Mabenchi a matabwa, chinsalu chakuda pakhomo, tepi yotopa yoti zithunzi zikuchita kuvina, ndipo nthawi zonse pamakhala mkulu wina kumbuyo wofotokoza zomwe azungu akunena, chonsecho Chingerezi sakuchimva. Kenako kunabwera madikoda otchipa aja ogwira e.tv ya ku South Africa, ndipo masiku ano tikuonera pa SuperSport, komwe resilini inasamukira mu 2017.

Chomwe ndimawauza onditsutsa ndi nkhani ya katswiri wa resilini Mick Foley. Mu 1998 ku Pittsburgh, Undertaker anamuponya kuchokera pamwamba pa chikhola chachitsulo, pafupifupi mamita 5, n'kukagwera pa tebulo la oulutsa mawu. Anthu anamunyamula pa machira, iye n'kudzuka, kukweranso chikholacho. Ulendo wachiwiri denga linabooka, anagwera m'bwalo, ndipo kamera itamuyandikira panaoneka dzino lake lili pamphuno. Zoti Undertaker apambana zinalembedwa papepala, inde. Nanga msana uja unalembedwanso? Wolipira pakhomo usiku umenewo analandira zoposa ndalama yake. N'chifukwa chake mu 2014, Brock Lesnar atagonjetsa Undertaker ku New Orleans, Undertakeryo atapambana maulendo 21 otsatizana pa WrestleMania, chionetsero chachikulu cha WWE cha chaka ndi chaka, bwalo lonse linangoti zii, anthu atagwira kumutu, aliyense akudziwa bwino lomwe kuti ndi sewero.

Tsono ndikufuna ndidandauleko za mandasi.

Pali amayi ena amene ndimawagula m'mawa uliwonse popita kokwera minibasi. Mandasi awo kale ankati ukadya awiri ndi tiyi, nsima ya masana umachita kuiiwala. Pano atatu amakwana m'dzanja limodzi, zala n'kutsekeka. Nditawafunsa mwanthabwala ngati mandasiwo akudwala, anaseka koma yankho silinali loseketsa. "Bambo, ufa wa tirigu wakwera, mafuta akwera, makala akwera. Ndikakweza mtengo mupita kwa anzangawa. Ndiye nditani?" Ndinasowa chonena. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe tirigu timachita kugula kunja. Pamsika ndi chimodzimodzi. Mulu wa tomato wachoka pa asanu kufika pa atatu, kajumbo ka makala sikapsetsanso nyemba, ndipo basela anamwalira osatsanzika.

Amayiwo sindiwada, chifukwa ndasi umaliona ndi maso usanapereke ndalama. Amene amandipsetsa mtima ndi makampani osiya paketi momwe inalili, mtundu womwewo, kutalika komweko, n'kuchotsa zam'kati mwakachetechete. Sopo amabwera ndi chibowo pamimba ati kuti agwirike bwino. Pepala la kuchimbudzi chimpukutu chapakati chakula. Zimenezi si zakwathu kokha. Mu 2016 opanga chokoleti cha Toblerone ku Britain anatalikitsa mipata pakati pa timapiri take, cholemera magalamu 170 n'kukhala 150, cha 400 n'kukhala 360, bokosi osasintha. Ku France zinafika poti kuyambira Julayi 2024 masitolo akuluakulu amakakamizidwa kumata chikwangwani chodziwitsa ogula katundu akachepa koma mtengo osatsika. Chovuta n'chakuti kampani ikalemba magalamu atsopano pa paketi, ngakhale m'tizilembo tofuna magalasi, palibe bodza lomwe yanena. A Malawi Bureau of Standards atha kubwera ndi sikelo yawo n'kupeza zonse zili bwinobwino. Ndani mwa ife amakumbukira magalamu a chaka chatha?

Nkhaniyi imandikhudza kwambiri chifukwa nanenso ndili ndi malonda anga. Ndimalemba. Zomwe zimandidyetsa kwenikweni ndi kumasulira timapepala ta mabungwe, kulemba timasewero ta pawailesi ta kusamba m'manja ndi katemera, nthawi zina zolankhula za abwana pa mwambo wotsegulira mjigo. Dzina langa silioneka paliponse pamenepo. Zomwe ndimazitcha zanga ndi nthano zazifupi ndi nkhani zomwe ndimatumiza kwa mkonzi wina mumzinda muno, ndipo ndalama yomwe amandipatsa pa nkhani imodzi sinasunthe chigwetsereni kwacha kawiri konse kaja.

Zikatero mlembi amayesedwa ngati wokazinga mandasi. Njira yosavuta ndi kuchulutsa yisiti: kunja nkhani yafufuma, mawu 1,000 akwana, koma ukaing'amba pakati muli mphepo yokhayokha. Ndime yoyamba yonse ikhale malonje. "Monga tonse tikudziwa" abwere katatu. Mwambi pano, mwambi apo, mutu umodzi susenza denga ngakhale palibe denga lofuna kusenzedwa. M'malo mokwera minibasi kukaona mlatho wogumukawo, ungoimba foni kwa munthu amene anamva kwa mnzake. Ndimaziwerenga nkhani zotere sabata iliyonse, ndipo ndimamvetsa kuti olembawo si aulesi, atopa ndi kugwira ntchito ya thiransipoti yokha. Koma wowerenga alibe sikelo, amangomaliza tsamba n'kudabwa kuti njala ikadalipo, ndipo mawa sagulanso.

Foley yemwe uja ndi amene amandilimbitsa mtima pa zolemba, zomwe zimaseketsa anzanga ophunzira kwambiri. Mu 1999 kampani inamupatsa munthu woti amulembere mbiri ya moyo wake. Atawerenga zomwe zinalembedwa sanadzimve m'menemo, ndipo anatenga cholembera n'kulemba yekha pamanja, masamba mazanamazana, akuyenda m'ndege ndi m'mahotela. Bukulo linafika pa nambala wani pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri wa New York Times. Munthu amene anthu ankamuona ngati wongodziwa kumenyedwa ndi mipando pamutu.

Wina ndi Kofi Kingston, mwana wobadwira ku Kumasi, ku Ghana. Atayamba kuoneka pa TV mu 2008 ankamulengeza ngati wa ku Jamaica, ndipo ankalankhula ndi lilime la kumeneko lomwe silinali lake. Chaka chotsatira analisiya n'kuyamba kulengezedwa monga wa ku Ghana. Kenako zinangokhala zaka za kugwira ntchito pakatikati, kudumpha, kusangalatsa ana, kugonja kuti ena aoneke amphamvu. Lamba wamkulu anadzamupeza mu Epulo 2019 pa WrestleMania 35 atagonjetsa Daniel Bryan, patatha zaka 11. Ndinakuwa usiku umenewo mpaka aneba anagogoda kufunsa ngati kwalowa akuba. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, Lesnar anamulanda lambayo m'masekondi osakwana khumi, ndipo sabata zotsatira Kofi anabwerera kuntchito yake yakale akumwetulira. Mpaka lero zimandiwawa, koma ndikamalemba lipoti la m'Chingerezi cha mabungwe, chodzaza mawu oti sindingawanene kwa amayi anga, ndimakumbukira lilime lobwereka lija. Nthano zanga ndinaganiza zoti zizikhala m'Chichewa, ngakhale ogula mabuku a Chichewa kunja kwa silabasi ya sukulu ndi owerengeka.

Mwezi watha ndinamulembera mkonzi uja. Ndinati bwana, pa ndalama imeneyi sindingathenso kukupatsani mawu 1,000 oyenda nawo mpaka komwe nkhani yachitikira. Musankhe: muonjezere ndalama, kapena ndizikupatsani mawu 600, ndipo owerenga aziona okha kuti nkhani yafupika. Anayankha patapita masiku ndi liwu limodzi: "Tiona." Aliyense amene anapemphapo kanthu ku ofesi akudziwa kutalika kwa tiona.

Nkhani yotsatira ikufunika Lachisanu. Ndi ya ogulitsa tomato pamsika wa Lunzu, ndipo ndipita ndekha Lachitatu kukawerenga milu, kufunsa mtengo wa dengu kwa alimi ndi wa mayendedwe. Nditumiza mawu 600. Akafuna otsalawo, nambala yanga ya Mpamba ali nayo.