Tagula makina athuathu a mapaipi: mbiri ya ntchito yathu pa doko la Durban

Mwezi uno makina okanikizira mapaipi a haidiroliki, aja odutsa oyilo wokankha masilinda, afika pa wekishopu yathu ku Bayhead, ndipo talipira ndalama yonse, palibe wotilondola. Kwa amene simutidziwa, ndife Amalawi okonza mapulatifomu a kumbuyo kwa maboti, aja amatsika m'madzi kuti anthu asambe kapena kuti anyamulirepo jet ski, njinga yamoto ya pamadzi ija. Timagwira pa doko la Durban, ntchito ikaitana timafika ku Richards Bay. Kale paipi ikaphulika tinkakapangitsa kwa ena n'kumadikira, boti lili pamtunda, mwiniwake akulipira malo tsiku ndi tsiku. Tsopano timayeza, kudula ndi kukanikiza tokha tsiku lomwelo.

Maboti ambiri amene timagwira ndi a Sunseeker, Princess, Fairline ndi Azimut, ndipo mapulatifomu ake akalamba. Eni ake amabwera atauzidwa kale kuti agule zonse zatsopano. Ife timayamba tayeza, chifukwa kawirikawiri chitsulo chimakhala chidakali bwino, chofa ndi kanthu kotchipa.

Choyamba ndi oyilo. Timatsegula thanki ya pampu n'kutapa pang'ono m'botolo loonekera. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, ndipo amalowera pa masili (timalabala totchinga oyilo ndi madzi) a silinda kapena pa chivundikiro cha thanki. Kuthira oyilo watsopano pamwamba n'kutaya ndalama. Muyenera kukhuthula thanki, kumasula mapaipi, kutulutsa wotsala m'masilinda, kutsuka sefa ya pampu, kenako kutseka pamene madziwo akulowera. Mtundu wa oyilo umalembedwa pa pampu kapena m'buku lake: ambiri amafuna ISO VG 32 kapena 46, ena ATF, uja wa magiya a galimoto za otomatiki. Musasakanize.

Kenako ndodo za masilinda, ndipo apa m'pamene Durban amatipatsa ntchito. Madzi a kuno ndi ofunda, tinkhono timamera msanga pa chitsulo chilichonse chokhala m'madzi. Ndodo ikamabwerera m'silinda itamera tinkhono, tinkhonoto timang'amba sili yakunja, kenako yam'kati. Palani ndi pulasitiki, osati gulainda kapena burashi ya waya. Mukapala, yendetsani chikhadabo pa ndodoyo. Chikakodwa pa kadzenje, sili yatsopano singakhalitse, ndodoyo njofunika kusintha. Anthu amadabwa kuti chitsulo cha 316, chija amati sichichita dzimbiri, chadyeka bwanji. Chimadyeka pansi pa tinkhonoto, pamene mpweya sufika, ndipo kunja chimaoneka chonyezimira bwinobwino.

Pulatifomu yotsika yokha usiku ili ndi zifukwa zake. Mwina sili ya pisitoni yatha, oyilo akudutsa m'kati mwa silinda osatayika panja. Mwina valavu yogwira katundu yalowa kachitsotso. Timachirikiza pulatifomu ndi mitengo, kukankha silinda mpaka kumapeto, kumasula paipi ya mbali inayo n'kupopanso. Oyilo akamatulukabe pa bowo limenelo, pisitoni ndiyo yalakwa. Ndipo ngati pulatifomu yanu ili ndi zokolowekera, dziwani kuti boti likamathamanga ndizo zimanyamula katundu, osati oyilo. Zikakana kukola, musatuluke pa doko. Tawonapo mikono yopindika chifukwa cha funde limodzi.

Ikamakwera chopendekera, yang'anani pini youma, mpweya m'silinda imodzi, kapena valavu yogawa oyilo ku mbali ziwiri. Mpweya umatuluka mukaikweza ndi kuitsitsa mpaka kumapeto kangapo popanda katundu, uku mukuonjezera oyilo m'thanki.

Za magetsi sitichulukitsa. Mukadina batani n'kungomva "tiki tiki", musathamangire kugula mota. Batire ya 12V yodzaza imaonetsa pafupifupi 12.6. Yezani pa mota penipeni ikuyesa kuzungulira. Mphamvu ikagwa kwambiri pamenepo koma pa batire ili bwino, vuto lili pa mawaya obiriwira ndi dzimbiri kapena pa solenoid, siwichi imene imayatsa motayo. Ma anodi nawonso, tizitsulo tija timadyeka m'malo mwa zitsulo za boti: a zinki m'madzi amchere, a magnesium m'madzi opanda mchere monga ku damu la Vaal, kusintha akadyeka theka, ndipo osawapaka penti. Chonde, musalowe pansi pa pulatifomu yosachirikiza, ndipo musafufuze podontha ndi dzanja. Oyilo wothamanga amaboola khungu. Gwiritsani katoni.

Kuti tifike pano tinadutsa pamoto. Madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anagumula msewu wa Bayhead, analowa m'wekishopu mwathu. Masili, mapampu a makasitomala amene tinali titamasula, zida zoyezera, zonse zinamira m'matope. Mapampuwo tinalipira tokha, popeza mwini boti anakusiyira chinthu chake chili chouma. Amene anatikongoza ndalama nthawi imeneyo akudzidziwa. Katapila wawo anali woti mwezi ukatha ngongole yakula kuposa mmene unaitengera, ndipo foni inkalira ngakhale Lamlungu tili m'tchalitchi. Tinamaliza, zikomo, sitidzabweranso. Winanso wogulitsa zida anaona kuti tapanikizika n'kutitumizira mitu ya mapaipi ya chitsulo wamba chokutidwa, pa risiti atalemba 316. Maginito ndi amene anamuulula, popeza amakakamira chitsulo wamba koma osati 316. Mpaka lero katundu aliyense wofika timamuyesa asanalowe pa shelefu.

Tithokoze Mulungu poyamba. Tithokoze amayi a kunyumba kwathu amene anadyetsa ana ndi ndalama ya mandasi miyezi imene wekishopu inali matope okhaokha. Achimwene a mu mpingo amene anabwera ndi mafosholo osafunsa kanthu, Ambuye akudalitseni. Anyamata athu ophunzira ntchito, amene amalowa m'madzi m'mawa kukapala ndodo, makina atsopanowa ndi anunso. Eni maboti amene anadikira osatithawa, oyendetsa kireni amene amatipezera mpata, alonda a pa geti, komanso makolo kumudzi ku Nkhotakota amene sanaleke kutipempherera, zikomo kwambiri. Koposa onse, inu abale athu otsuka ndi kuyang'anira maboti pa Durban Marina ndi ku Point Yacht Club. Ntchito zathu zambiri zinabwera chifukwa mmodzi wa inu anauza abwana ake kuti, "Ndikudziwa anthu."

Ndiye pitirizani kutero. Nyengo ya Disembala isanafike, tikuyendera maboti kuyeza oyilo, ndodo, ma anodi, mapini ndi mabawuti olowa m'khoma la kumbuyo kwa boti, pamene madzi amakonda kulowera mwakachetechete. Timalemba zimene tapeza ndi mtengo wake tisanagwire sipanala, ndipo chilichonse chimene tachotsa timakupatsani m'manja kuti muone nokha. Paipi imodzi ikaphulika chifukwa cha ukalamba, timalangiza kusintha zonse za m'madzi nthawi imodzi, popeza kukweza boti kawiri kumadula kuposa mapaipiwo. Pampu yamanja ya pangozi timakuonetsani pamene ili ndi kapopedwe kake, kwaulere, chifukwa ambiri amaifuna koyamba ali pakati pa nyanja pulatifomu itakakamira pansi.

Jambulani kavidiyo pulatifomu ikukwera ndi kutsika, mawu a mota amveke, ndiponso chithunzi cha chizindikiro cha pa pampu, mutitumizire pa WhatsApp kapena pa Facebook. Amene ali ndi mapaipi a mathirakitala ndi magalimoto otayira mchenga, bwerani nawonso, makinawa sasankha.