Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Pakhonde la Azakhali

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene ndinamalizira sukulu ya sekondale kumayambiriro kwa chaka cha 2021, ndiponso mmene bambo anagamulira kuti ndipite kwa mlongo wawo, azakhali anga, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa boma la Kasungu. Cholinga chawo chinali chakuti ndisamangokhala pakhomo podikira zotsatira za mayeso. Zotsatirazo zinatuluka koma ine sindinachoke pakhondepo, ndipo zambiri zimene ndimagwiritsa lero pa nkhani ya kavalidwe ndi nyimbo ndinaziphunzirira pomwepo, moonjezera pa zimene amwalimu anandiphunzitsa ku madrasa ndili wamng'ono.

Banja lathu ndi lochokera ku Nkhotakota. Ndikunena zimenezi chifukwa anthu ambiri kuno akangoona mtsikana wovala hijabu amaganiza kuti ndi Myao wa ku Mangochi kapena ku Machinga, mwakuti ena amayesa kundilonjera m'Chiyao chimene ine sindichimva. Ife ndife Achewa, ndipo Chisilamu chinafika kwathu kudzera mwa a Jumbe, amalonda a Chiswahili amene anakhazikika m'mphepete mwa nyanja cha m'ma 1840. Agogo anga aamuna anakwera kuno kudzagwira ntchito m'maesiteti a fodya, nakhazikika pakati pa anthu a CCAP ndi Akatolika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko muno, koma ku Kasungu tilipo ochepa kwambiri kuposa pamenepo, ndipo m'kalasi mwathu atsikana achisilamu tinali owerengeka.

Pasukulu pathu mpango sunali mbali ya yunifolomu, choncho ndinkauvula ndikafika pageti, kuupinda ndi kuuika m'chikwama pamodzi ndi makope, kenaka n'kuuvalanso poweruka. Pamene mkangano wa hijabu unabuka ku Balaka mu Novembala 2019, mpaka anthu kuvulazana ndiponso mzikiti ndi tchalitchi kuphwanyidwa, ife tinkamvera pa wailesi mwamantha, ndipo mayi anandichenjeza kuti ndisayankhe aliyense wondiputa nazo. Mgwirizano umene bungwe la Public Affairs Committee linathandiza kukonza, wolola atsikana achisilamu kuvala hijabu yofanana mtundu ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, unasayinidwa mu Juni 2021, ine nditachoka kale pasukulu. Amene anadyerera ndi mng'ono wanga. Mipango yake yoyamba ya kusukulu ndinasoka ndine, ndipo ndiyo ntchito yoyamba imene azakhali anandilola kuigwira ndekha kuyambira kudula mpaka kupinda mpendero.

Pakhondepo panali makina awiri opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi yamakala, ndi benchi la makasitomala. Ambiri mwa makasitomalawo sanali Asilamu. Kunkabwera amayi a Chigwirizano kudzasoketsa mabulauzi ndi maduku awo oyera, aphunzitsi ofuna madiresi a chitenje, ndi makolo onyamula nsalu ya yunifolomu teremu ikayandikira. Powayeza amayi amenewa ndinazindikira kuti kuphimba kumutu si chinthu chachilendo kwa mkazi wa Chichewa, pakuti palibe mayi wodzilemekeza amene amafika pamaliro wopanda duku ndi chitenje. Kusiyana kwake n'kwakuti duku amamangira kumbuyo n'kusiya khosi poyera, pamene ife timatsitsa mpango kuti uphimbe khosi ndi chifuwa, monga mmene ndime 31 ya Sura An-Nur ikulamulira, ndipo timatero tsiku lililonse pamaso pa amuna amene si abale athu apafupi. Amayi ena a Chigwirizano ankandiyamikira kuti ndine mwana woleredwa bwino, kenaka n'kundifunsa ngati bambo amandikakamiza. Zonse ziwirizo ankazinena ndi mtima wabwino.

Funso la kukakamizidwali azakhali ankaliyankha okha ndisanatsegule pakamwa. Iwo anakula nthawi ya lamulo la 1973 limene linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi zovala zosafika m'mawondo, lamulo limene linathetsedwa pamene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri. Kuno kwawo kwa Kamuzu anthu ena amalikumbukirabe mwachisangalalo, koma azakhali ayi. "Mwana wanga," anandiuza tsiku lina akudula nsalu, "nthawi imeneyo tonse tinkavala zazitali, koma sunkadziwa kuti woopa Mulungu ndani, woopa apolisi ndani." Ine ndimagwirizana nawo. Mavenda amene anavula akazi ovala mathalauza m'misewu ya Lilongwe ndi Mzuzu mu 2012 ankati akuteteza chikhalidwe, koma kwa ine sasiyana ndi munthu wondivula mpango pageti, chifukwa onsewo akugwira thupi la mwana wa eni popanda chilolezo. N'chifukwa chake azakhali sankathamangitsa mtsikana wofuna siketi yaifupi. Ankangomuuza kuti nsalu yake yokongolayo ioneka bwino itatsikako pang'ono, ndipo akakana ankamusokera monga wafunira.

Pa zovala za ife eni ndipo panali ntchito yoganiza. Atsikana achisilamu a msinkhu wanga ankasirira mkanjo wautali wakuda wotchedwa abaya, wochokera ku Dubai kapena ku Kariakoo mu mzinda wa Dar es Salaam, ndipo ena ankaona ngati wovala chitenje Chisilamu chake n'chopelewera. Koma abaya wotsika mtengo amene amafika kuno ndi wa nsalu yosapuma, ndipo amene anayendapo wapansi kuchokera kumsika kupita kuchipatala dzuwa la Okutobala lili pamutu akudziwa chimene ndikunena. Ndiponso ndi wovuta pa kabaza, pakuti mpendero wake umakodwa m'masipoko. Malamulo a chipembedzo satchula mtundu wakuda ngati chokakamiza, koma amafuna kuti chovala chiphimbe, chisathine, ndipo chisaonetse mkati. Zitatu zonsezi chitenje cha thonje chimakwanitsa, malinga telala adziwe ntchito yake. Ndinaphunzira kudula diresi lomasuka kuyambira m'mapewa, kusoka manja ofika m'mfundo za dzanja koma okhala ndi lasitiki kapena batani kuti munthu awakwinye mosavuta pochita udhu (kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanapemphere), kuika laining'i pansalu yopyapyala, ndi kutseka siliti ndi kansalu kopinda mkati kuti mwendo utambasuke osaoneka. Chitenje chimodzi cha mamita awiri sichikwana diresi lotere, ndipo apa ndi pamene atsikana ambiri amagwa mphwayi, makamaka chigwereni mphamvu ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa osowa tinkapita nawo pa kaunjika kukasankha masiketi aatali ndi mashati aakuluakulu, n'kuwakonza. Kudzilemekeza kukakhala kodula, kumasanduka kwa ana a anthu olemera okha, ndipo zimenezo sindinazilole m'mutu mwanga.

M'zaka za 2021 ndi 2022 mwezi wa Ramadhani unagwa mu Epulo ndi Meyi, nthawi yomwe msika wa fodya umatsegulidwa ndipo ndalama za ku msika wa fodya wa Chinkhoma zimayamba kuyenda m'tauni. Tinkasoka zovala za Idi ndi za maukwati nthawi imodzi, tili pa swaumu, kusala kudya usana wonse, mpaka kumasula madzulo ndi futali wa mbatata pakhonde pomwepo.

Nkhani ya zovala inandiphwekera chifukwa ili ndi tepi yoyezera. Ya nyimbo ilibe, ndipo ndiyo inandivuta. Moyandikana nafe munali mometera tsitsi mmene sipika inkalira kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo kutsidya kwa msewu kunali mnyamata wowotcha nyimbo m'mamemori khadi, amene malonda ake ankawalengeza ndi phokoso. Ngakhale m'chaka cha 2022, pamene magetsi ankazima pafupipafupi namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, iwo anagula batire ndi sola, nyimbo osaleka. Ndinkamva za uzimu za makwaya, za achinyamata a m'tauni, za ku Zambia ndi ku Nigeria, ndipo phazi langa pa makina linkayamba kutsata kugunda kwake ndisanazindikire. Madzulo ndikaima pa swala ya Maghrib, pemphero la dzuwa litangolowa, ndinkapeza mawu a nyimbo ya masana akuzungulira m'mutu pakati pa Fatiha, sura yoyamba ya Qur'an imene timawerenga popemphera. Chimenechi ndicho chinandichititsa kufunsa mafunso kunyumba.

Kunyumbako mayankho anali awiri. Agogo anga aakazi ndi a gulu la Chisilamu la Qadiriyya kuyambira ku Nkhotakota, ndipo kwa iwo kupembedza kopanda mawu okoma n'kozizira. Anakulira mu sikiri, kutchula dzina la Allah mobwerezabwereza ndi mpweya wochokera m'chifuwa anthu ataima m'mizere, ndiponso mu kaswida, nyimbo zotamanda zoimbidwa ndi kang'oma kotchedwa dufu pa mwambo wa siyala wokumbukira kubadwa kwa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. Achimwene anga aakulu, amene anakaphunzira za chipembedzo kummwera, anabwerako ndi maganizo ena. Iwo ankati zida zoimbira n'zoletsedwa kupatula dufu pa ukwati ndi pa Idi, ndipo sikiri wa mtundu wa agogo ankamuona ngati choonjezera chimene Mtumiki sanaphunzitse. Mkangano umenewu si wa pakhomo pathu pokha ayi, ndi wakale pakati pa Asilamu a m'Malawi, kuyambira pamene a Sukuti, gulu lofuna kuti maliro azichitika mwakachetechete, anayamba kutsutsa zoimba pamaliro, ndipo lero umaoneka ngakhale m'kukhalapo kwa mabungwe awiri, Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi. Agogo akatopa ankangoti, "Iwe, ine ndinayamba kuswali bambo ako asanabadwe." Achimwene ankayankha mwaulemu kuti, "Agogo, sindikukunyozani, ndikungonena zimene zinalembedwa," ndipo nsima inkadyedwa mwakachetechete.

Chimene ndimawalemekezera achimwene n'chakuti nditawafunsa pandekha sanandibisire mbali inayo. Anandionetsa ndime 6 ya Sura Luqman, imene Ibn Mas'ud, mmodzi wa maswahaba, anzake a Mtumiki, anaimasulira kuti ikunena za nyimbo, ndi hadisi, nkhani ya zimene Mtumiki ananena kapena kuchita, ya m'buku la Bukhari yodzudzula anthu odzaloleza zida zoimbira. Koma anandiuzanso za hadisi ya mayi Aisha, m'buku lomwelo, yonena za atsikana awiri amene ankaimba m'nyumba ya Mtumiki tsiku la Idi, Abu Bakr n'kuwakalipira, Mtumiki n'kumuuza kuti awasiye. Achimwene anavomera kuti Imam al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, analola kumvera nyimbo malinga ndi mawu ake, malo ake ndi mtima wa womverayo, ndipo Ibn Hazm wa ku Andalusia sanapeze umboni wokwanira woletsera zida. Anati maulama, akatswiri a chipembedzo, ambiri ali kumbali yoletsa ndipo iwo ali komweko, koma sangandinamize kuti mbali inayo kulibe anthu ophunzira.

Ine si shehe, choncho chimene ndinachita si chigamulo cha wina aliyense. Phokoso la mumsewu sindingalitseke, ndipo kumva kongodutsa sikufanana ndi kukhala pansi n'kutchera khutu. Chimene chinali m'manja mwanga ndi foni yanga. Ndinachotsamo nyimbo zonse zotukwana ndi zonyoza akazi, zimene ngakhale anzanga achikhristu sangaziimbe pamaso pa amayi awo, n'kuikamo nashidi, nyimbo zachisilamu zopanda zida zoimbira, za m'Chichewa ndi kuwerenga kwa Qur'an, ndipo m'mawa ndisanapite kuntchito ndinkatsegula Radio Islam. Ndinaika lamulo lakuti adhana, kuitanira anthu ku swala, ikayandikira zomvera za m'makutu zichoke, kuti mutu ukhale utazizira ndisanaime pamkeka. Komabe ndinene mosabisa kuti si nashidi iliyonse imene ili yabwino chifukwa chakuti ilibe gitala. Zina n'zolembedwa mwaulesi, mawu ake ongoopseza ndi moto, ndipo zina amaziyika mawu a pakamwa otsanzira zida mochenjera mwakuti kusiyana kwake ndi nyimbo za m'bala kumangotsala dzina. Kaswida wa agogo, wa dufu limodzi ndi mawu a amayi okalamba, amandifika pamtima kuposa zambiri za pa WhatsApp.

Chiyeso chenicheni chinabwera mu Ogasiti 2022, pa ukwati wa mnzanga wa kusekondale, wa mpingo wa CCAP, amene ankandisungira chikwama pageti ndikamavala mpango. Madiresi a operekeza mkwatibwi tinasoka ndife, ndipo langa ndinasoka ndi nsalu yomweyo koma la manja aatali ndi mpango wake. Achimwene anati ndikangopereka mphatso kunyumba n'kubwerako. Azakhali anati mnansi ali ndi ufulu wake pa ife, ndipo kuno tikayamba kusala maukwati a anzathu tidzaika maliro athu tokha. Ndinapita ku holo. Pa perekaniperekani, ataitana anzake a mkwatibwi a kusukulu, ndinanyamuka nawo n'kukaponya ndalama zanga m'lichero ndikuyenda, osavina, ndipo mkulu woyendetsa mwambo atandiseka pa maikolofoni kuti mlongo wa mpango m'chiuno mwauma, holo yonse inaseka, inenso ndinaseka. Nthawi ya swala ya Asr, pemphero la chakumadzulo, itakwana, mayi a mkwatibwi, amene ndi a Chigwirizano, ananditsegulira okha kachipinda kosungiramo mphatso nandiyalira chitenje pansi.

Patapita masabata angapo, amayi a kumzikiti kwathu amene amaimba kaswida pa maukwati a chisilamu anabwera pakhonde ndi nsalu yobiriwira kuti tiwasokere yunifolomu. Ndikuwayeza, agogo anawauza kuti mdzukulu wawo ali ndi mawu, ndipo mtsogoleri wawo anandipempha kuti ndiyambe kubwera kokonzekera Lamlungu masana. Ndinati ndikafunse kaye kwa bambo. Bambo anati nkhaniyo ikambidwe achimwene alipo, ndipo zimene zinakambidwa pamkeka usiku umenewo, pa za mawu a mkazi pagulu, ndidzazifotokoza m'gawo lotsatira.